Mutu 5: Buku Losasoka

1. Mabuku anayi

Bambo ake a Namafunso anali wosoka mabuku. Anthu a mumsewu wawo ankangowatchula kuti a Mabuku, iwo n'kumavomera. Chipinda chakumaso kwa nyumba yawo ndicho chinali malo a ntchito. Munali tebulo lalitali, chopanikizira chachitsulo, zitini za guluu, ulusi, ndi fungo la mapepala akale limene linkakakamira ngakhale m'malaya ochapa kumene.

Dzina loti Namafunso anam'patsa ndi aphunzitsi a sayansi. Mtsikanayu anali mu fomu 3, ndipo ankafunsa mafunso mpaka anzake kuyamba kuusa moyo belu litalira kalekale. Ankafuna kudzakhala dokotala. Mutu unalipo, zimenezo sitingam'mane. Chilema chake chinali chimodzi: akagwira mchira wa nkhani, ankayesa kuti wagwira nyama yonse.

Mwezi umenewo laibulale ya kukoleji inatumiza mabuku anayi akalekale kuti akonzedwe. Loyamba linali la nzeru zakuya, lofufuza kuti munthu amadziwa bwanji kuti chimene akudziwacho n'choona. Lachiwiri linali la ndale, lokamba za momwe dziko liyenera kulamuliridwa. Lachitatu linali la malamulo. Lachinayi, lonenepa kuposa onsewo, linali la zachipatala. Onse analembedwa zaka mazanamazana zapitazo, ndipo ophunzira ankawawerengabe kuti aone kumene maganizo a lero anachokera.

Pofika Loweruka mabuku atatu anali atatha, atavala zikuto zatsopano. La zachipatala linali lisanasokedwe. A Mabuku anali atadula ulusi wake wovunda n'kuligawa m'timitolo ta masamba ochepaochepa. Timitolo tina tinandandalikidwa patebulo, tina tinali m'chopanikizira chifukwa tinapindika ndi chinyezi.

M'mawa umenewo anapeza mwana wawoyo ataweramira tebulo, manja kumbuyo, maso ali pa zithunzi za mafupa.

"Mwanawe, kuyang'ana yang'ana, koma usagwire," anatero akuika mabuku atatu aja m'katoni. "Ndakhala pa tebulo ili zaka makumi awiri ndi zisanu. Sukulu sindinapite nayo patali, koma tsamba lililonse limene ndasoka ladutsa m'zala zanga ndi m'maso mwanga. Ndiye undimvere. Buku losasoka saliwerenga. Lidikire livale msana, likhale ndi poyambira ndi pothera. Anthu amene analemba mabuku awa sanali othamanga. Ena anathera moyo wawo wonse pa buku limodzi. Iwe sungabwere ndi liwiro lakolo n'kuwamva m'mphindi zisanu, chiimirire. Ndikalisoka ndidzapempha a laibulale kuti uliwerenge pompano, ine ndilipo. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Ndamva, ababa."

Anamvadi, koma ndi khutu limodzi. Iye ankaganiza kuti bambo ake akungoopa kuti angasokoneze manambala a masamba.

2. Jagi ya amayi

Mzime, mlongo wake wa zaka zinayi, anali atayamba kutsegula m'mimba dzulo lake. M'mawawo ankasewerabe ndi kagalimoto kake pansi pa tebulo, ndiye amayi awo anaona kuti angathe kupita kuntchito. Ankagwira kufakitale yosoka mayunifolomu, ndipo Loweruka ankaweruka 4 koloko.

Asanatuluke anasungunula kapaketi ka mchere ndi shuga ka kuchipatala m'jagi ya madzi ophitsa. Anaika kapu ndi supuni pambali pake.

"Tamvera bwino, iwe," anauza Namafunso. "Akangochoka kuchimbudzi um'patse theka la kapu. Akasanza, dikira pang'ono, uyambirenso ndi supuni, pang'onopang'ono. Asakhale ndi ludzu. Ukaona kuti wafooka kapena maso ayamba kulowa, usadikire ine, usadikire bambo ako. Upite kwa a Telala a shopu yapafupiyi akuthandize kupita naye kuchipatala. Wamva?"

"Zimenezo tinaphunzira kale kusukulu, amayi."

"Sindinafunse zimene munaphunzira. Ndafunsa ngati wamva."

"Ndamva."

Amayi anatuluka. Bambo nawo anasenza katoni yawo kukapereka mabuku kukoleji, ulendo wa mabasi awiri.

Mpaka 10 koloko Namafunso anachita zonse zimene anauzidwa. Koma Mzime ankati akamwa, pasanathe mphindi khumi wathamangira kuchimbudzi. Kawiri anasanza pamkeka. Namafunso anakolopa, kuchapa kabudula, kukolopanso. Zinkangokhala ngati akutungira madzi m'dengu, ndipo mtima unayamba kum'tentha.

Anayang'ana jagi ija. Mchere ndi shuga, zinthu za m'kabati ya aliyense. Kenako anayang'ana chitseko cha chipinda cha bambo ake, mmene munagona buku limene madokotala a mibadwo yambiri anaphunzirira ntchito.

3. Kamtolo kamodzi

Sanavutike kupeza zimene ankafuna. Kamtolo komalizira pamzere wa patebulo kanali ndi mutu wa zilembo zikuluzikulu wonena za matenda a m'mimba. Anakanyamula ndi manja awiri n'kukakhala nako kukhitchini.

Mawu ake anali olemera, oyenda mwaulemu ngati munthu wamkulu wovala jekete. Anawerenga kuti mimba yotseguka ili ngati mtsinje wosefukira, ndipo wothiramo madzi amangowonjezera chigumula. Anawerenga kuti wodwala asapatsidwe chakumwa chilichonse mpaka m'mimba mutauma, ngakhale alire chotani. Panali zifukwa zitatu, zoyalidwa bwino, chilichonse ndi chitsanzo chake.

Mzere womaliza wa kamtoloko unati, "Awa ndi mawu a aphunzitsi anga, amuna anzeru amene ndinawalemekeza, ndipo ine"

Panathera pomwepo. Mawu otsatira anali m'kamtolo kena, ndipo kameneko kanali m'chopanikizira, komangidwa zolimba. Namafunso sanadandaule nazo. Zifukwa zitatu anali atazimva, ndipo zinkagwirizana ndi zimene maso ake anaona m'mawa wonse.

Anatenga jagi n'kuiika pamwamba pa kabati.

"Achemwali, madzi," anatero Mzime patapita kanthawi.

"Dikira kaye. Madziwo ndi amene akukudwalitsa."

"Amayi anati ndizimwa."

"Amayi sanawerenge zimene ndawerenga ine. Gona."

Mzime analira, n'kukoka mpando kuti akwere afikire jagi. Namafunso anam'tsitsa. Analiranso, kenako anatopa, anagona pamkeka atakumbatira kagalimoto kake. Chisoni chinam'gwira Namafunso, koma buku linali litanena kale kuti wodwala adzalira.

Pofika 12 koloko Mzime anali atapita kuchimbudzi kawiri kokha. Pofika 1 koloko sankadzukanso n'komwe. Namafunso anatenga kope lake n'kulemba nthawi zonsezo mwadongosolo, kuti madzulo adzaonetse amayi ake. Ankanyadira. Apa ndiye pomvetsa chisoni, chifukwa mwana wanzeru akasochera amasochera ndi umboni m'manja.

4. A Telala

Cha m'ma 2 koloko a Telala anagogoda. Anali bambo wachikulire wa shopu yoyandikana nawo, amene tepi yoyezera sinkachoka m'khosi mwawo. Ankabwera kudzabwereka ulusi wolimba wa a Mabuku, womwe ankati suduka ngati wa m'sitolo.

"Odi kuno. Bwanji kwangoti zii? Bwana wamng'ono uja ali kuti lero? Sanabwere kudzandisokoneza."

"Akugona. Amatsegula m'mimba, koma pano kwasiya."

A Telala anasuzumira. Kumwetulira kuja kunazimiririka. Anagwada pamkeka, mawondo akulira, n'kutembenuza nkhope ya mwanayo. Maso anali atalowa m'kati. Milomo inali youma, yong'aluka. Anam'tsina pang'ono pamimba, ndipo khungu linangoima chotsinika ngati nsalu yopindidwa ndi simbi.

"Mzime. Iwe Mzime, ndine."

Mzime anatsegula maso pang'ono n'kukwinya nkhope ngati akulira, koma misozi sinatuluke.

"Wakodza liti komaliza?"

Namafunso anayang'ana m'kope lake. Za kukodza sanalembe.

"Mwana wanga, ine ndalera ana asanu ndi mmodzi," anatero a Telala akum'nyamula. "Mwana wodwala akamalira, akamavuta, akamakutukwana, uziyamika. Woopsa ndi amene wangoti phee. Uku sikuchira ayi. Chitsime chikasiya kutuluka madzi sitinena kuti chachira, timati chaphwa. Tenga nsalu um'funditse. Tseka chitseko. Tiye."

Anaimitsa takisi pakona. M'njira monse mutu wa Mzime unkangogwera uku ndi uku pachifuwa cha mlongo wake. Namafunso anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire.

5. Funso la adokotala

Kuchipatala anesi atangoona mwanayo sanawaimike pamzere. Anawalowetsa m'chipinda cha mabedi anayi n'kuitana adokotala, mayi wa imvi, wamfupi, woyankhula mosakweza mawu.

Adokotala anagwira dzanja la Mzime, kuyang'ana lilime, kumvetsera pachifuwa. Anesi ankafunafuna mtsempha woti alowetse diripi, koma mitsempha inali itabisala.

"Wayamba liti?"

"Dzulo," anayankha Namafunso.

"Wakhala akumwa chiyani lero?"

A Telala anayankha msanga, pofuna kuthandiza. "Mayi ake ndi munthu wosamala, adokotala. Anasiya madzi a mchere ndi shuga. Mtsikanayu wakhala akum'patsa tsiku lonse, ndi mwana wanzeru kwambiri ameneyu."

Adokotala anakweza nsidze. "Ngati wakhala akumwa tsiku lonse n'kufika pamenepa, ndiye kuti pali china chimene sindikuchiona. Tiyenera kuyeza zambiri." Anatembenukira kwa Namafunso. "Ndi zoona? Wamwa makapu angati?"

Khomo lothawira linali lotsegula, ndipo anam'tsegulira ndi munthu wamkulu. Akanangogwedeza mutu, nkhani ikanathera pomwepo. Namafunso anayang'ana kadzanja ka Mzime kamene anesi ankakabaya kachitatu.

"Si zoona," anatero. "A Telala sakudziwa. Ndinasiya kum'patsa 10 koloko. Ankapempha, ine n'kumam'kaniza. Ndinawerenga m'buku kuti wotsegula m'mimba asamwe kanthu."

"Buku lanji?"

"La zachipatala. Lakalekale. Bambo anga akulikonza."

A Telala anagwira pakamwa. Adokotala sanakalipe. Anauza anesi kuchuluka kwa madzi oti alowe ndi liwiro lake, ndipo singano italowa, diripi itayamba kudontha, m'pamene anakoka mpando n'kukhala moyang'anana ndi mtsikanayo.

"Wandipulumutsira ola lathunthu ponena zoona, ndipo mwanayu analibe ola loti titaye. Chimenecho usadzaiwale. Tsopano umve chinachi. Mabuku akalewo ifenso tinawawerenga kukoleji. Ndimawalemekeza. Amene anawalemba anayamba kuyang'anitsitsa wodwala ndi kulemba zimene aona, pa nthawi imene ena ankangolota. Popanda iwo ine sindikanakhala pano. Koma iwo anayala maziko, ndipo munthu sagona pamaziko mvula ikugwa. Pamwamba pawo anthu ena anamangapo, kugumula polakwika, kumanganso. Kapaketi kamene unakaderera kaja kanatuluka m'ntchito ya anthu ambirimbiri amene anawerenga mabuku omwewo n'kupitirira. Kuoneka kophweka sikutanthauza kuti n'kopanda nzeru. Ukufuna kudzakhala chiyani?"

Namafunso anaweramitsa mutu. "Dokotala."

"Ndiye phunziro loyamba ndi ili. Buku likanena china, wodwala n'kumanena china, bwerera kwa wodwala. Mwana ankakuuza kuti ali ndi ludzu. Ukakayika, funsa munthu. Ngakhale ine ndi imvi zangazi ndimafunsa. Safunsa anadya phula."

"Achira?"

"Madzi akulowa. Chimene ndikudikira n'chakuti akodze. Akakodza ndidziwa kuti impso zake sizinavulale. Asanakodze sindikulonjeza kanthu."

6. Mawu otsatira

A Mabuku anafika kuchipatala 4 koloko itangokwana, thukuta lili kamukamu. Akazi a a Telala ndi amene anawauza za nkhaniyi atangofika pakhomo pawo. Anali atalowa m'nyumba kukasiya katoni, ndipo anaona jagi pamwamba pa kabati, yodzaza kupitirira theka, ndi kamtolo ka buku patebulo la kukhitchini. Sanafunikire wowafotokozera.

Anaima nthawi yaitali pambali pa bedi, dzanja lili pamphumi pa Mzime. Kenako anathokoza a Telala, amene anabwerera kushopu, n'kukhala pabenchi pafupi ndi mwana wawo wamkazi.

"Unalekera pati?" anafunsa.

"Pamene akuti, awa ndi mawu a aphunzitsi anga, ndipo ine."

"Ndipo ine chiyani?"

"Sindikudziwa. Panathera pomwepo."

"Sipanathere pomwepo. Kamtolo kotsatirako ndinakawerenga Lachinayi ndikukawongola. Akuti, ndipo ine ndinawatsatira zaka khumi, n'kuika m'manda ana ambiri. Kuyambira pamenepo masamba onse otsatira akugwetsa zifukwa zitatu zija, chimodzichimodzi. Akuti wodwala apatsidwe chakumwa pang'onopang'ono, osalekeza."

Namafunso anabisa nkhope m'manja. Misozi inadutsa pakati pa zala.

"Lira, palibe cholakwika," anatero bambo ake. "Koma makutu akhale otsegula. Mabuku anayi aja, ngakhale amakamba zosiyana, amayenda mofanana. Wolemba amayamba wayala maganizo a munthu amene akutsutsana naye. Amawayala bwino, mwachilungamo, mpaka iwe wowerenga kugwedeza mutu kuti eya, n'zoona. Akatero m'pamene amati, koma taonani apa. La malamulo lija limayamba ndi masamba ambiri oikira kumbuyo zoti wolakwa azizunzidwa mpaka aulule. Ukalekera pamenepo ukhoza kupita kukamenya munthu, n'kumati buku lalola. La ndale lija lili ndi chigawo chonse chotamanda wolamulira wankhanza, chisanafike chigawo chomuvula. Ndi ulemu umene anthu ophunzira amapatsana, kuti usagwetse mnzako usanamuimike bwino. Koma ulemu umenewo ndi msampha kwa munthu wothamanga. Mabuku awa ndi mkangano wautali, mwanawe, wa anthu amene ena sanaonanepo n'komwe. Iwe walowa pakati pa mkangano, wamva munthu mmodzi, n'kutuluka kukagamula mlandu."

Anayang'ana diripi, n'kupitiriza.

"Ndiponso ngakhale ukanawerenga mpaka kumapeto, malo a Mzime anali kuno, osati patebulo langa. Wolemba uja akanadzuka lero, bwenzi nayenso atakhala pabenchi pano kufunsa adokotala aja mafunso. Inenso ndili ndi mbali yanga. Ndinakuuza kuti usawerenge, osakuuza chifukwa chake, chonsecho ndikudziwa kuti mwana wanga sakhuta lamulo lopanda chifukwa."

7. Supuni imodzi

Anesi anabwera ndi kapu ndi supuni. Anati Mzime wayamba kutsegula maso, ndiye ayambe kumwanso pakamwa, supuni imodzi pa mphindi iliyonse. A Mabuku analandira kapuyo.

Asanayambe, chitseko chinatseguka. Amayi analowa atavalabe epuloni ya kufakitale, tiulusi tili m'tsitsi. Sanapereke moni kwa aliyense. Anapita pabedi, anagwira masaya a mwana wawo, anayang'ana m'maso mwake, anayang'ana singano ili padzanja.

"Amayi," anatero Mzime ndi mawu a manong'onong'o. "Madzi."

Amayi anatembenuka. "Jagi ija inatha?"

A Mabuku anakonza kukhosi. "Mayi, matendawa amathamanga. Adokotala akuti nthawi zina mwana angathe..."

"Sinathe, amayi," anadula Namafunso, ataimirira. "Ili pamwamba pa kabati. Ndinaiika ndine kuti asaifikire. Anapempha kanayi, ine ndinam'mana. Ndinkaona ngati ndikudziwa kuposa inu."

Mayi wina wa pabedi loyandikana anayang'ana kukhoma. Namafunso ankayembekezera mbama, ndipo akanailandira mosangalala, chifukwa mbama imawawa n'kutha.

Amayi anam'yang'ana nthawi yaitali. Kenako anatenga kapu m'manja mwa amuna awo n'kuiika m'manja mwa mwana wawo wamkazi.

"Khala apa," anatero. "Um'mwetse ndiwe. Adokotala ndakumana nawo pakhomo, andiuza chimene tikudikira. Mpaka chichitike, ine ndilibe mawu ndi iwe."

Namafunso anakhala m'mphepete mwa bedi. Anatunga supuni yoyamba, theka n'kutayikira pachibwano cha Mzime. Mwanayo anameza, n'kutsegulanso kukamwa. Sanakwiye, sanafunse kanthu, ankangodikira supuni ina kuchokera m'dzanja lomwe lija, ndipo zimenezi zinam'pweteka Namafunso kuposa mawu onse amene anamva tsikulo.

Anam'patsa yachiwiri, yachitatu, yakhumi. Dzuwa linapendeka pawindo. Pa supuni iliyonse amayi ankalowetsa dzanja pansi pa Mzime kukhudza nsalu imene anagonera kuti amve ngati wakodza, n'kulitulutsa.

Kapu inatha. Anesi anabweretsa ina. Nsaluyo inali idakali youma.